Kagulidwe ndi Kasungidwe ka Vinyo wa m'Sitolo: Malangizo a Pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene amagula vinyo m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amakhumudwa pa tsiku limene amayembekezera kusangalala. Amatsegula botolo pamaso pa alendo, n'kupeza kuti vinyoyo wasasa, wasintha mtundu, kapena akununkha ngati zipatso zophikidwa. Kawirikawiri opanga vinyo ndi amene amanenedwa, pamene vuto lenileni linachitika pakati pa shelefu ya m'sitolo ndi tebulo la kunyumba. Pali zinthu ziwiri zimene zimawononga vinyo wambiri kuno kwathu: kutentha, ndi chikhulupiriro chakuti vinyo aliyense amakoma akakhalitsa. Vinyo wochuluka wa m'golosale anapangidwa kuti amwedwe akadali watsopano, ndipo malangizo onse otsatirawa achokera pa mfundo imeneyi.

Zofunika kukhala nazo

- Chotsegulira chokhala ndi waya wopotoka, ngati mudzagula mabotolo otsekedwa ndi cork, lomwe ndi khungwa la mtengo wina lolowetsedwa m'khosi mwa botolo.
- Katoni yolimba, makamaka ija imene vinyo amabweramo, pamodzi ndi nyuzipepala zakale kapena thaulo.
- Cooler box, ngati ulendo wochokera kusitolo ndi wautali.
- Malo amdima ndi ozizira m'nyumba, monga pansi pa wadiropu.
- Firiji, kapena ndowa ndi ayezi. Kumene kulibe zimenezi, mtsuko wa madzi umathandizako.
- Kabotolo kakang'ono kagalasi koyera bwino, kokhala ndi chitsekerero chothina.
- Cholembera cholemba pagalasi kapena kapepala komata, cholembera tsiku limene botolo latsegulidwa.

Musanapite kusitolo

1. Dziwani tsiku limene vinyoyo adzamwedwe ndi chiwerengero cha omwa.

Botolo wamba limakhala la mamililita 750, ndipo limatulutsa matambula asanu a mamililita 150. Katoni ya malita atatu ndi yofanana ndi mabotolo anayi, pamene ya malita asanu imaposa mabotolo asanu ndi limodzi. Powerengera chinkhoswe, ukwati kapena phwando la Khirisimasi, werengani anthu okhawo amene mukudziwa kuti amamwa vinyo, pakuti pamaphwando athu ambiri amasankha mowa wa m'botolo kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Chenjezo: musagule vinyo wa ukwati wa mu Disembala mwezi wa Seputembala chifukwa chakuti mtengo watsitsidwa, pokhapokha ngati muli ndi malo ozizira enieni. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiyo yotentha kwambiri m'dziko muno, ndipo ndalama zimene munapulumutsa zidzathera m'vinyo wowonongeka.

2. Funsani ngati omwawo amakonda wotsekemera kapena wosatsekemera.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu wozolowera vinyo wotsekemera monga Four Cousins kapena 4th Street akapatsidwa vinyo wofiira wosatsekemera wa Cabernet Sauvignon, amaona ngati wapatsidwa mankhwala, ngakhale botololo litakhala lodula kawiri. Kudula kwa vinyo sikutanthauza kuti aliyense adzamukonda.

Muli m'sitolo

3. Yambani mwayang'ana pamene vinyo waikidwa, musanayang'ane dzina lake.

Vinyo wambiri amene timagula amachokera ku Western Cape, m'dziko la South Africa, ndipo amayenda masiku angapo pa lole kudutsa ku Beitbridge, ku Tete ndi m'zipata za Mwanza kapena Dedza. Pofika pashelefu amakhala atakumana kale ndi kutentha kokwanira, choncho si bwino kuti sitolo iwonjezereponso. Pewani mabotolo oikidwa pawindo lolowa dzuwa, pansi penipeni pa magetsi owala kwambiri, pafupi ndi uvuni wophikira buledi, kapena kumbuyo kwa mafiriji kumene kumatuluka mpweya wotentha. Gwirani botolo ndi dzanja. Ngati likufunda, lisiyeni. Tengani la kumbuyo kwa shelefu, kumene kuwala sikufika kwenikweni, makamaka ngati galasi la botololo ndi loyera loonekera mkati, chifukwa galasi lotere silitchinga kuwala ngati mmene limachitira lobiriwira kapena lakuda.

Sitolo imene imagulitsa vinyo wambiri ndi yabwino kuposa kagolosale kamene botolo limodzi limakhala chaka chonse likudikira wogula. Fumbi lochuluka pa botolo la vinyo wotsika mtengo si chizindikiro cha ulemu, koma cha katundu wokhalitsa.

4. Werengani lebulo mofatsa.

Pali zinthu zinayi zofunika kuziona, ndipo choyamba ndi kuchuluka kwa shuga. Mawu akuti "dry" amatanthauza vinyo wosatsekemera. Malinga ndi malamulo a ku South Africa, vinyo wotere nthawi zambiri sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita imodzi. Mawu akuti "semi-sweet" amatanthauza wotsekemera pang'ono, pamene "natural sweet" ndi wotsekemera ndithu, wokhala ndi shuga woposa magalamu 20 pa lita. Pa vinyo wothwanima uja wa thovu, mawu akuti "brut" amasonyeza wosatsekemera.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mowa, imene imalembedwa mwa peresenti. Vinyo wofiira wosatsekemera amakhala wa pakati pa 13 ndi 14.5 peresenti, pamene wotsekemera wotchuka uja kawirikawiri safika pa 10. Ngakhale wofookayo ndi wamphamvu kuposa mowa wamba wa m'botolo, umene umakhala wa pafupifupi 5 peresenti, ndipo kutsekemera kumabisa mphamvuyo.

Chachitatu ndi mtundu wa mphesa. Chenin Blanc, Sauvignon Blanc ndi Chardonnay ndi vinyo woyera, woyenera chambo, nkhuku ndi zakudya zopepuka. Merlot, Shiraz, Cabernet Sauvignon ndi Pinotage ndi wofiira, ndipo amagwirizana ndi nyama yootcha, ya ng'ombe kapena ya mbuzi. Kwa amene akuyamba kumene kumwa vinyo wofiira wosatsekemera, ine ndimalangiza Merlot, chifukwa sathina m'kamwa ngati mmene amachitira Cabernet Sauvignon. Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko, imene inapangidwa mu 1925 ku Stellenbosch pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, ndipo ndi yoyenera kuilawa pamene pali kanyenya.

Chachinayi, chomwe ambiri sachiyang'ana konse, ndi chaka. Chaka cholembedwa pa lebulo ndi chimene mphesa zinakololedwa, osati chimene botolo linafika m'sitolo. Ku South Africa amakolola pakati pa Januwale ndi Epulo, choncho vinyo wa chaka chomwe tilimo amatha kupezeka pashelefu chakacho chisanathe. Pa vinyo woyera wotsika mtengo ndi wa pinki uja wotchedwa rosé, sankhani wa chaka chino kapena chatha, ndipo mukayikire wopitirira zaka ziwiri. Vinyo wofiira wamba amapirira zaka zitatu kapena zinayi, koma akapitirira apo m'sitolo yotentha, mwayi woti akadali wabwino ndi wochepa. Ngati pashelefu pali mabotolo awiri a dzina limodzi koma zaka zosiyana, tengani latsopano.

5. Yang'anani chidindo cha pakhosi pa botolo.

Vinyo wa ku South Africa amene lebulo yake imatchula dera, chaka kapena mtundu wa mphesa amayenera kutsimikiziridwa ndi bungwe la Wine Certification Authority, limene kale linkatchedwa Wine and Spirit Board, ndipo amakhala ndi kachidindo kokhala ndi manambala pakhosi pa botolo. Dongosolo limeneli, lotchedwa Wine of Origin, linayamba mu 1973. Mukaona zilembo za W.O. zotsatiridwa ndi dzina monga Stellenbosch, Paarl kapena Robertson, ndiye kuti mphesa zonse zinachokera kudera limenelo. Ndipo ngati patchulidwa chaka kapena mtundu wa mphesa, osachepera 85 peresenti ya vinyoyo ayenera kukhala wa chaka kapena mtundu umenewo.

Chenjezo: kusowa kwa chidindo sikutanthauza kuti vinyo ndi wachinyengo. Vinyo wosakaniza wotsika mtengo, amene satchula dera kapena chaka, sakakamizidwa kukhala nacho. Chimodzimodzinso vinyo wa ku Portugal amene amapezeka kwambiri ku Mozambique, kapena vinyo wa zipatso wa Linga wopangidwa ku Lilongwe kuchokera ku zipatso monga jambula, satsatira dongosolo la ku South Africa.

6. Fufuzani botolo lenilenilo.

Litembenuzeni pang'onopang'ono, muyang'ane pakamwa pake. Ngati cork yatukuka n'kukankha chophimba cha pamwamba, ngati pali madontho ouma omata otsika m'khosi, kapena ngati lebulo yathimbirira ndi vinyo, botololo linapsa ndi kutentha: vinyo anafufuma, n'kukankha chitsekerero, ndipo mpweya unalowa. Onaninso pamene vinyo walekezera. M'botolo latsopano amafika m'khosi, ndipo ngati watsikira m'mapewa mwa botolo, wina anatayika. Vinyo woyera amene wasanduka wofiirira ngati tiyi, kapena wa pinki amene wayamba kuoneka ngati lalanje lofota, wakhalitsa.

Pa mabotolo a chitsekerero chachitsulo chopotokola, onani ngati mphete yake yam'munsi sinaduke komanso ngati chitsekererocho sichinaphwanyike, pakuti kubonyoka pang'ono kumatha kulowetsa mpweya. Musaderere chitsekerero chopotokola poganiza kuti ndi cha vinyo wachabechabe. Opanga vinyo odziwika amachigwiritsa ntchito mwadala, ndipo m'nyumba zathu zimene zilibe malo apadera osungira, n'chosavuta kusamala kuposa cork.

7. Pa vinyo wa m'katoni, yang'anani tsiku.

Vinyo wa m'katoni, monga Namaqua, Drostdy-Hof kapena Overmeer, amakhala m'thumba lokhala ndi kampopi. Thumbalo limafwapa pamene vinyo akutuluka, choncho mpweya sulowa potsegula, ndipo n'chifukwa chake katoni yotsegulidwa imakhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Komabe thumba lomwelo limalola mpweya pang'ono kudutsa ngakhale lisanatsegulidwe, kotero vinyoyu sakhalitsa ngati wa m'botolo. Fufuzani tsiku limene anathiridwa kapena limene ayenera kumwedwa lisanafike, ndipo musagule amene wayandikira chaka chithiridwire. Katoni yonyowa pansi, yotupa kapena yonunkha vinyo isiyeni.

Sungani lisiti. Botolo likapezeka lowonongeka tsiku lomwelo kapena lotsatira, muli ndi poyambira pokadandaula.

Ulendo wopita kunyumba

8. Gulani vinyo pomalizira, ndipo musamuike m'buti.

Vinyo wambiri amawonongeka pa ulendo waufupi umenewu. Galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka imatentha kwambiri kuposa kunja, ndipo maola awiri m'buti masana a mu Okutobala akwanira kuphika botolo. Malizani kaye zina zonse, kubanki, kumsika ndi kuchigayo, kenako mugule vinyo n'kulunjika kunyumba. Ikani mabotolo choimirira pansi, kumbuyo kwa mpando, mutawakulunga ndi thaulo kapena nyuzipepala. Pa minibasi kapena pa kabaza, aikeni pakati pa chikwama, osati m'jumbo yoonekera imene dzuwa likuwomba. Amene akupita kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima, kapenanso kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, agwiritse ntchito cooler box.

Kusunga botolo losatsegula

9. Sankhani malo ozizira, amdima, osasinthasintha.

Vinyo amasungika bwino pa madigiri a pakati pa 12 ndi 15, koma ndi nyumba zochepa kuno zimene zingafike pamenepo popanda makina. Cholinga chanu chikhale kupeza malo amene sapitirira madigiri 25 ndiponso amene satentha masana n'kuzizira usiku, chifukwa kusinthasintha kumeneku kumafufumitsa ndi kufwapitsa vinyo tsiku ndi tsiku mpaka chitsekerero chitayamba kulowetsa mpweya.

M'nyumba ya malata, makamaka yopanda siling'i, mpweya wotentha umakhala m'mwamba, choncho pansi pa simenti ndi pabwino kuposa pamwamba pa kabati. Malo abwino ndi pansi pa wadiropu, kunsi kwa bedi, kapena pakona ya chipinda chapakati chimene khoma lake siliwombedwa ndi dzuwa la masana. Bwezerani mabotolo m'katoni yawo, muitseke, ndipo mufunditse bulangete lakale. Katoni ndi bulangete sizizizirisa, koma zimachedwetsa kutentha kulowa ndi kutchinga kuwala.

Chenjezo: malo atatu amene anthu amawakonda kwambiri ndi amenenso ali oipitsitsa. Oyamba ndi kabati yagalasi ya pabalaza, imene timaikamo mbale za alendo. Botolo limaoneka bwino mmenemo, koma limakhala likuwombedwa ndi kuwala tsiku lonse. Achiwiri ndi pamwamba pa firiji, pamene pamafunda komanso kunjenjemera. Achitatu ndi kukhitchini, pafupi ndi kuka kapena mbaula. Musasungenso vinyo wa cork pamodzi ndi parafini, penti kapena mankhwala ophera tizilombo.

10. Gonekani mabotolo a cork, a chitsulo akhoza kuima.

Botolo la cork likagona, vinyo amakhudza chitsekererocho n'kuchisunga chonyowa ndi chothina. Ngati mudzamwa pasanathe mwezi, kuima kulibe vuto. Mabotolo a chitsekerero chopotokola akhoza kuima kapena kugona monga mmene malo akulolera.

11. Gwiritsani ntchito firiji mwanzeru.

M'nyengo yotentha, kapena kwa amene amakhala m'mbali mwa nyanja, firiji ndi yabwino kuposa chipinda chotentha, ngakhale kwa vinyo wofiira. Kwa masabata angapo palibe choopsa. Kwa miyezi yambiri, mpweya wouma wa m'firiji umatha kuumitsa cork. Popeza magetsi amazimazima, ikani mabotolo mkati, chakumunsi, osati pachitseko pamene pamafunda msanga, ndipo magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi. Ndi malo osungira a mtundu umene ambirife tili nawo, ndi nzeru kumwa vinyo woyera ndi wa pinki pasanathe miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi chigulire, ndipo wofiira pasanathe chaka.

Kukonzekera kumwa

12. Ziziritsani pa mlingo woyenera.

Vinyo woyera ndi wa pinki amakoma pa madigiri 7 mpaka 12, ndiye kuti maola awiri kapena atatu m'firiji. Wothwanima amafuna kuzizira kwambiri kuposa apo. Wofiira amakoma pa madigiri 15 mpaka 18. Malangizo akuti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda anachokera kumayiko ozizira a ku Ulaya. Chipinda cha ku Balaka mu Novembala n'chosiyana kwambiri, ndipo vinyo wofunda amangomveka ukali wa mowa. Muikeni m'firiji kwa theka la ola asanamwedwe.

Ngati nthawi yatha, thirani madzi, ayezi ndi mchere wodzaza dzanja m'ndowa, mumize botolo mpaka m'khosi. Pakatha mphindi 15 kapena 20 likhala litazizira. Kumene kulibe ayezi, kumiza botolo mumtsuko wa madzi woikidwa pamthunzi, kapena kulikulunga ndi nsalu yonyowa n'kuliika podutsa mphepo, kumatsitsa kutentha mokwanira vinyo wofiira.

Chenjezo: musaiwale botolo m'chipinda choundanitsa cha firiji. Vinyo akaundana amafufuma, ndipo amakankha cork kapena kuswa botolo.

13. Tsegulani mosamala, ndipo nunkhizani musanathirire alendo.

Dulani chophimba cha pakhosi, baya nsonga ya chotsegulira pakati penipeni pa cork, mupotokole mowongoka mpaka waya utatsala pang'ono kutha, kenako mukoke pang'onopang'ono. Cork ikaduka, bayaninso chidutswa chotsalacho mopendeka. Ikakana, ikankhireni mkati ndi kusefa vinyoyo ndi kasefa ka tiyi. Botolo la vinyo wothwanima, monga J.C. Le Roux, lili ndi mpweya wamphamvu kuposa wa m'tayala la galimoto, choncho lizizire bwino, musaligwedeze, muliloze kumene kulibe munthu, ndipo mugwire chitsekerero ndi dzanja limodzi pamene mukuzunguza botolo ndi dzanja linalo.

Thirani pang'ono m'tambula yanu. Fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda chankhungu limasonyeza kuti cork inali ndi vuto. Fungo la viniga limasonyeza kuti mpweya unalowa. Fungo la jamu wopserera limasonyeza kutentha. Koma timiyala ting'onoting'ono tonga shuga pansi pa botolo kapena pa cork, ndiponso matsenjerere ochepa mu vinyo wofiira, si vuto. Ingothirani mofatsa kuti zitsalire m'botolo.

Botolo likatsegulidwa

14. Tsekani, lembani tsiku, ikani m'firiji choimirira.

Kuyambira pamene chitsekerero chachoka, mpweya umayamba kusasitsa vinyo, ndipo kuzizira kumachedwetsa zimenezi. Vinyo woyera, wa pinki ndi wofiira amakhala masiku atatu mpaka asanu m'firiji. Wothwanima amataya thovu pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale mutatseka ndi chitsekerero chapadera. Ngati watsala theka, muthireni m'kabotolo kakang'ono mpaka kadzaze, chifukwa mpweya ukachepa m'botolo vinyo amakhalitsa. Popanda firiji, werengerani tsiku limodzi kapena awiri okha. Vinyo amene wayamba kuzilala koma sanasase akhoza kuthiridwa mu nyama ya ng'ombe yophika pang'onopang'ono.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusunga botolo la mphatso kwa zaka, podikira tsiku lalikulu. Vinyo amene amakoma akakhalitsa ndi wochepa, amakhala wodula, ndipo amafuna malo ozizira chaka chonse. Botolo limene munalandira paukwati, ngati lakhala zaka zisanu m'kabati ya pabalaza, n'kutheka kuti pano ndi lofunika kungolitaya.

Ena amabwezera botolo lotsegulidwa pashelefu ngati mmene amachitira ndi jini kapena burande. Zakumwa zaukalizo zimakhala za pafupifupi 40 peresenti ndipo siziwonongeka msanga, pamene vinyo alibe mphamvu yodziteteza choncho.

Kuika supuni pakamwa pa botolo la vinyo wothwanima sikusunga thovu, ngakhale ambiri amatero.

Pali amene amathamangira vinyo wotsitsidwa mtengo osayang'ana chaka. Nthawi zina sitolo imatsitsa mtengo pofuna kukopa makasitomala, koma nthawi zina imakhala ikuchotsa katundu wokhalitsa. Gulani botolo limodzi, mukalawe madzulo omwewo, ndipo mubwerere mawa kukagula ena ngati ali bwino.

Ena amachotsa thumba la vinyo m'katoni n'kuliika padzuwa pa phwando, kapena kuuzira mpweya m'kampopi kuti vinyo wotsala atuluke. Thumba likhale m'katoni yake, ndipo likatsala pang'ono kutha ingolipendeketsani.

Matambula otsukidwa ndi sopo wonunkhira n'kusatsukuluzidwa bwino, kapena osungidwa m'kabati ya fungo, amawononga vinyo wabwinobwino. Atsukuluzeni ndi madzi oyera, muwapukute ndi nsalu yopanda fungo, ndipo muthire vinyo osapitirira theka la tambula.

Cholakwika china chimakhudza thanzi ndi malamulo. Vinyo wotsekemera amamweka ngati juwisi, koma ndi mowa ndithu. Saloledwa kugulitsidwa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo musatume mwana kukagula. Amayi oyembekezera, amene ayendetse galimoto ndi amene akumwa mankhwala monga metronidazole, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Flagyl, asamwe konse. Odwala matenda a shuga afunse kaye kuchipatala, makamaka pa vinyo wolembedwa "natural sweet". Botolo lotsegulidwa la vinyo wa pinki liikidwe m'firiji pamalo amene ana sangalifikire, chifukwa mtundu wake ndi wosavuta kuusokoneza ndi sikwashi.